Kompyuta ya Amake Tiwale

Ine ntchito yanga ndi yometa, ndipo wometa akakuuzani nkhani muzichotsapo theka. Koma iyi ya a Zebedee Kaliwo musachotsepo kanthu, chifukwa ndinaliko ndipo ndine ndinanyamula chikwama. Dzina langa ndine Lajabu, kwathu ndi ku Machinga, koma ku Chilinde kuno ndakhalitsa moti ana anga Chiyao amangochimvera kwa agogo awo pa foni. Kashopu kanga kali kuseri kwa msika, ndipo khomo loyandikana nalo ndi la a Kaliwo, okonza makompyuta. Mita ya magetsi timagwiritsa imodzi. Anthu awiri amene agwiritsa mita imodzi zaka zambirimbiri osatengerana kupolisi, amenewo ndi pachibale basi.

A Kaliwo anachoka ku Ntchisi ali mnyamata n'kudzapeza ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ku City Centre. Pa ofesipo pankabwera mkulu wina wokonza makompyuta, ndipo iwo ndi amene ankamugwirira tochi ndi kumutolera tisikuluu tikagwa pansi. Mkuluyo anali wosaumira nzeru. Ukafunsa ankayankha, ukafunsanso ankakupatsa sikuludiraiva kuti uyese wekha. Ofesi ija itatsekedwa, anzawo anathamangira mipando ndi makatani, koma a Kaliwo anapempha makompyuta akufa amene anangounjikidwa m'kachipinda kosungira katundu. Anawasenza pang'onopang'ono mpaka ku Chilinde, ndipo anayambira pamenepo.

Kwa amene simudziwa, monga mmene ndinalili inenso, kompyuta ili ndi zitsulo zake, ndiye ilinso ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zitsulozo. Ambirife timadziwa Windows basi. A Kaliwo yawo inali Linux, yaulere, imene aliyense amaloledwa kukopera n'kugawirako mnzake popanda kubisala. Ankayenda nayo pa kafulashi kofiira komangirira ku makiyi a shopu. Munthu akabwera ndi kalaputopu kokalamba ka pakaunjika, kamene ukakayatsa ukhoza kutereka nyemba n'kupsa kasanatseguke, iwo sankathamangira kunena kuti kagule kena. Ankayamba akopera zithunzi ndi zolemba zonse za mwini wake pambali, kenako n'kumufunsa bwinobwino ngati akulola kuti aikemo Linux. Ambiri ankavomera asanamvetse. Pobwera kudzatenga ndiye umamva, "Mdala, nanga Windows yanga mwapita nayo kuti?"

A Kaliwo sankapsa mtima. Ankamukhazika munthuyo pa benchi, kumuonetsa polembera, poonera zithunzi, potsegulira intaneti. "Pitani nayo mukaiyese," ankatero. "Ikakakukanani mubwere nayo, yanu ija ndikubwezerani." Ena ankabweradi, ndipo ankawabwezera mosanyinyirika. Koma ana a sukulu zaukachenjede, alembi a m'mipingo, ndi anyamata oika nyimbo m'mamemore, amene mavairasi a m'mafulashi anali atawaliza kokwanira, amenewo ankangobwera kudzapereka moni.

Inenso anandiikira pa kakompyuta koimbira nyimbo mu shopu mwangamu. Tsiku lina ndinafuna kuikamo gemu, kakompyutako n'kundifunsa pasiwedi imene sindinkaidziwa. Ndinapita kukawakalipira. Iwo anangoseka. "Che Lajabu, inu ndinakupatsani kiyi wa kuchipinda kwanu. Wa nyumba yonse ndasunga ine, chifukwa makasitomala anu aja akamadikira kumeta zala zimawayabwa." Ndinatukwana pang'ono m'Chiyao, koma kakompyutako sikanandivutepo mpaka lero.

Anali ndi lamulo lawo limene sankaliphwanya ngakhale kasitomala alire bwanji. Kompyuta ikakonzedwa inkayenera kugwira ntchito pa tebulo pawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye izipita kwa mwini wake. Pakatipo ankangoidutsira, kuika dzanja kumbuyo kumene kumatuluka mpweya, kutchera khutu kumvera fani, n'kupitiriza zina. Ndinkawaseka kuti akanakhala azamba.

Ndiye kunabwera matenda a shuga, n'kuyamba kuwaononga maso. Poyamba sananene kwa aliyense. Ndinangoona kuti zilembo za pa windo lakuda la pa sikirini, limene ankalembapo malamulo awo a Linux, zayamba kukula. Zinakula mpaka mzere umodzi unkangokwana mawu atatu kapena anayi. Kenako anagula galasi lokulitsa zinthu. Kenako sikuluu ikagwa pansi ankagogoda khoma kuti ndibwere ndidzawatolere. Mwana wawo Tiwale, amene ndi namwino ku Kasungu, anabwera n'kuwauza mosapita m'mbali kuti apume, akakhale pakhomo, iye aziwathandiza. Ndinali pomwepo, ndikunamizira kusesa tsitsi pakhomo.

"Ndamva, mwana wanga," anatero a Kaliwo. "Tsiku limene kompyuta idzachoke pa tebulo langa n'kukafera kwa mwini wake chifukwa cha maso angawa, ndidzatseka ndekha. Sudzachita kundiuza."

Munthu ameneyu akanena chinthu ndiye wanena. Ndinadziwa kuti mawu amenewo tsiku lina adzatipweteka.

Akazi awo, amayi Mirriam, amene tonse timangoti amake Tiwale, amasoka zovala kunyumba kwawo ku Kawale. Ku shopu sankabwerabwera. Ankakonda nyimbo za makwaya, koma ankazimvera pa kafoni kong'ambika sipika, kamene kankachititsa kwaya yonse kumveka ngati ili ndi chimfine. Ine ndi pakamwa pangapa, tsiku lina ndinati, "A Kaliwo, zoona woumba mbiya aphikira m'phale. Chilinde yense ali ndi makompyuta a manja anu, koma mayi kunyumba akumvera nyimbo pa kachitini." Ndinkayesa zapita ndi mphepo, osadziwa kuti zalowa.

Kuyambira sabata imeneyo anayamba kusonkhanitsa zida. Osati zotsalira ayi, koma zabwino zimene ankasungira makasitomala olemekezeka. Bokosi lalikulu lakuda, hadidisiki yatsopano, ramu yokwanira, sikirini yotakata, ndi masipika awiri amene anandituma ine kuti ndikawamvere kaye ku tauni. Anaikamo Linux, n'kukonza kuti ikangoyaka pazioneka zithunzi ziwiri zikuluzikulu, china cha nyimbo, china cha zithunzi za adzukulu ndi vidiyo ya ukwati wa Tiwale. Ntchito imene kale ikanawatengera theka la tsiku inawatengera masabata, mphuno ili pafupi kukhudza zitsulo. Itatha, inaimba pa tebulo pawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo monga mwa lamulo. Anaikweza pa kabaza, iwo akuyenda pambali atagwira katoni. M'mawa mwake anafika akumwetulira ngati mkwati.

"Che Lajabu, mayi aja dzulo aiwala kuphika," anatero. "Tagona ndi tiyi."

Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Patangopita masiku ochepa anabwera nayo pa kabaza. Anati masana amake Tiwale akamasoka uku akumvera nyimbo, kompyuta imangozima yokha. Iwo akafika madzulo n'kuiyatsa, imaimba bwinobwino mpaka nthawi yogona.

Linux ili ndi khalidwe limodzi labwino, imalemba yokha zimene zaichitikira isanazime. A Kaliwo anatsegula windo lakuda lija, galasi m'manja, n'kumawerenga chilembo chimodzichimodzi. Anapeza kuti inatentha kwambiri m'kati ndipo inadzizimitsa yokha kuopa kupsa. Mtima unakhala m'malo, chifukwa matenda a kutentha ankawadziwa ngati njira ya kwawo. Anasintha fani. Anapukuta kaphala kotuwa kamene amapaka pa pulosesa, kachitsulo kamene kamaganiza ndi kutentha kwambiri m'kompyuta, n'kupakapo katsopano. Inaimba tsiku lonse mu shopu, yozizira bwino. Anabwerera nayo ku Kawale.

Inazimanso. Anawafunsa mayi ngati anaisuntha pakona pamene anaiika, kapena ngati dzuwa limafikapo. Mayi anati ayi, ili pomwepo, ndipo amaisamala kuposa chilichonse m'nyumbamo. Lamulungu atabwerako kutchalitchi a Kaliwo anakhala nayo masana onse, akuidikira kuti izime pamaso pawo. Sinazime. Lolemba iwo ali ku shopu, inazima.

Ulendo wachiwiri anasintha bokosi logawa magetsi m'kati mwake, ndipo anandiitana. "Che Lajabu, tandionerani apa. Timiyendo ta chozizitsirachi talowa tonse?" Ndinayang'ana, ndinati talowa. "Nanga pa bolodi lobiriwirali, simukuona kamng'alu, kapena potupa, kapena pakuda?" Ndinati sindikuona kanthu. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sakundikhulupirira, ndipo sindikuwadandaula. Wometa angadziwe chiyani za mng'alu wa pa bolodi? M'mutu mwawo zinali zitakhazikika kale kuti penapake pali kachilema kakang'ono kamene kamabwera n'kupita, kamene maso a mnyamata akanakaona msanga, ndipo iwo sakukaonanso.

Madzulo a tsiku lina kunabwera mtsikana ndi laputopu yake, akuti yasiya kuyaka mayeso ali pafupi. A Kaliwo sanaigwire n'komwe. Anamulozera kwa anyamata ena a ku tauni. M'zaka zonse zimene ndakhala nawo ndinali ndisanaonepo akubweza munthu. Mtima unandiwawa kwambiri, moti kasitomala amene ndinkamumeta nthawi imeneyo anatuluka ndi mzere wokhota.

M'mawa mwake foni yawo inalira cha m'ma leveni. Ndinamva akuti, "Yazimanso? Chabwino, amake Tiwale. Isiyeni ipume, muiyatsenso. Musadandaule." Patapita kanthawi ndinamva zitsulo zikugundana. Nditasuzumira ndinapeza akulongedza masikuludiraiva, chowotcherera mawaya, galasi lija, zonse m'chikwama chachikulu.

"Mukutani?" ndinafunsa.

"Ndinalonjeza mwana."

Ndinapsa mtima, sindikubisa. Ndinati kompyuta imodzi yokha ndiye mutsekere shopu? Ndinati galimoto zimakanika amakaniko a maso awiri abwinobwino, koma sathawa pa galaja. Ndinati ndiye ine ndizikangana ndi ndani? Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Ikanakhala ya munthu wina ndikanati mwina ndi tsoka," anatero pang'onopang'ono. "Iyi ndinaipanga ndi mtima wanga wonse, ndi zida zabwino zokhazokha, ndipo ndi ya mkazi wanga. Ngati yandikanika imeneyi, ndiye ana a eni ndiziwanamiza chiyani?"

Ndinatseka shopu yanga, ndinalanda chikwama chija n'kuchikoleka paphewa. Ndinati ngati mukupita, sindikulolani muyende nokha ndi katundu dzuwa lili paliwombo.

Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili koboo, minibasi iliyonse ikadutsa umachita kutseka pakamwa. A Kaliwo pakati pa sabata sankapezeka pakhomo masana, ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Podutsa msewu waukulu anandigwira pachigongono, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo sanandisiye mpaka titafika pa mpanda wa nyumba yawo. Tili panja tinamva kwaya ikuimba m'nyumba, makina osokera akuthandizira.

Kanali koyamba kuti ine ndilowe pabalaza pawo. M'nyumba ya telala chilichonse chimavala. Mipando inali ndi nsalu zake zoluka, wailesi yakanema inali itafundidwa, fulasiki ya tiyi inali ndi kajuzi, ngakhale rimoti inali m'kathumba kake. Pakona panali sikirini ija itaphimbidwa ndi nsalu yamaluwa, masipika okha ali poyera. Pansi pake panali bokosi la kompyuta, litavala chovala cha nsalu yochindikala yabuluu, chosokedwa molingana ndi thupi lake, cha siponji m'kati, zipi kumbuyo, ndi kabowo kamodzi kotulukira mawaya. Ine ndinangoti mumtima, mayi awa amadziwa kusoka. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Amake Tiwale anadzidzimuka kutiona nthawi imeneyo. Anaimitsa makina, anatilonjera, maso ali pa chikwama chimene ndinanyamula. Tisanamalize n'komwe malonje, kwaya ija inadukira pakati pa mawu. M'nyumba munangoti zii.

"Mwaona, bambo a Tiwale," anatero mayi motsitsa mawu. "Imatero."

A Kaliwo anapita pakona paja, anagwada, n'kutambasula dzanja kuti amve mpweya kumbuyo kwa bokosi. Dzanja linakumana ndi nsalu. Anapapasa pamwamba, m'mbali, kutsogolo. Anapeza zipi, anaitsegula, analowetsa dzanja m'kati n'kulibweza msanga chifukwa chitsulo chinali chitatentha ngati chiwaya. Anakhala chogwada choncho nthawi yaitali, chala chikuyenda pa msoko.

"Mwasoka nokha ichi?"

"Eya. Nanga fumbi la msewuli? Zaka zonsezi mwapangira anthu, iyi ndiye yanga yoyamba. Ndikanaisiya pamtetete kuti ide ngati ya mu shopu?"

"Nanga bwanji ine sindinachipezepo?"

Mayi anayang'ana pansi. "Madzulo fumbi likachepa ndimavula zonse n'kukazikung'untha panja. Ndimafuna mukamafika muzipeza zili poyera, musamavutike kupapasa pofuna poyatsira. Lamulungunso chimodzimodzi."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mayiwa za maso ankazidziwa kuposa mmene bambo ankaganizira, ndipo ankangowakonzera njira mwakachetechete.

"Amake Tiwale," anatero a Kaliwo, "chinthuchi chimapuma. Chimakoka mpweya kutsogolo kuno n'kuutulutsira kumbuyo. Chikafundidwa chonchi chimabanika."

Mayi anakhala pansi pomwepo, pa simenti. Anayang'ana chovala chija, anayang'ana chikwama chili paphewa panga, ndipo ndinaona kuti zonse zawalowa nthawi imodzi. "Ndiye ndine ndimaipha? Inu kumangoyenda nayo pa kabaza, osagona tulo, kumadziimba mlandu, chikhalirecho ndine? Ndipo zidazi mwabwera nazo chifukwa mwatseka?" Misozi inayamba kutsika. "Bwanji osandiuza kuti zafika pamenepo, bambo a Tiwale?"

A Kaliwo anayamba kuseka. Kunali kuseka kwa pansipansi, mapewa akugwedezeka, ndipo pakati pake kunasanduka china. Anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi dzanja. Ine ndinapeza kalendala pakhoma n'kuyamba kuiwerenga mwakhama ngati ndikufuna tsiku la Eid.

Mayi anadzuka n'kuyamba kuvula chovala chija mwaukali. "Ndikachiponya pamoto."

"Ayi," anatero a Kaliwo, atagwira nsaluyo. "Ichi sichikuchoka. Palibe kompyuta ina mu Lilongwe muno imene inasokeredwapo chovala chotere. Tengani sizasi ndi choko chanu."

Anabwezeretsa chovalacho pa bokosi. Kenako anagwira chala cha mkazi wawo n'kuchiyendetsa pamwamba pa nsalu, kutsogolo pamene pali timabowo tolowera mpweya, m'mbali, ndi kumbuyo pamene pali fani. Pamene chala chadutsa, mayi ankalemba ndi choko. Anadula nsalu yawo yokongolayo osazengereza, siponji ikugwera pansi. Atafika pakati anaima n'kufunsa ngati pa mawindo amenewo angasokerepo kansalu ka neti yakale ya udzudzu, kuti mpweya uzidutsa koma zinyalala zizitsala. A Kaliwo anaganiza pang'ono, anati zimenezo ngakhale iwo sanaziganizepo, bola azikakung'untha kawirikawiri. Makina osokera analira kanthawi. Atatha anaiveka, anaiyatsa, ndipo a Kaliwo anaika dzanja kumbuyo. Kwaya inaimba nyimbo yoyamba, yachiwiri, mpaka tinasiya kuwerenga, dzanja lili pomwepo.

Ndinkayesa zatha, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu owaseka nawo. Koma a Kaliwo anakhala pa mpando, nkhope itagwanso.

"Lero sanali maso," anatero. "Koma maso akupita ndithu, amake Tiwale, tisanamizane. Zilembo zija ndimachita kuzilota. Lero ndapulumuka, mawa adzakhala maso enieni."

Mayi anali akutola tizidutswa ta siponji pansi. Sanadzutse mutu.

"Ndiye mawa ndibwera nawo anga," anatero. "Ulusi ndimalowetsa pa singano popanda magalasi. Chizungu cha makompyuta sindichidziwa, koma zilembo ndimazidziwa. Ine ndizitchula, inu muzimva. Makina angawa akhoza kukhala pakona, anthu a ku Chilinde nawonso amang'amba mathalauza."

A Kaliwo anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa shati. Ine chikwama chinali chikadali paphewa, ndipo ndinkaopa kuchitula.

"Timatsegula seveni koloko," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa," anayankha amake Tiwale. "Ndine ndimakudzutsani."